Thadzi Lija Lisabwere

Nsungwi, Area 25
Lilongwe

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Nsipe kumeneko. Mwendo uja wasiya kutupa? Nanga a malume a Josiah, chifuwa chija chinawaleka? Ine kuno ndili bwino, makina osokera sakupuma.

Amayi, khalani kaye pansi. Thadzi lija mukusungira chinkhoswe changa lisabwere ku Lilongwe. Chinkhoswe kulibe.

Mukuwakumbukira a Lucious, bambo a jekete yotuwa aja bwenzi langa Clifford anabwera nawo kumudzi n'kumati ndi malume ake? Munawakonda chifukwa cha miyambi yawo, mpaka munawanyamulitsa thumba la kachewere.

Loweruka lapitali ine ndi Hanifa, mnzanga amene timasoka naye pamsika, tinakapereka madiresi pa chinkhoswe china ku Kaliyeka. Itakwana nthawi yosinthana nkhuku, woimirira ndi tambala m'manja anali iwowo! Jekete yomweyo, miyambi yomweyo, dzina lokha ndilo linali lina.

Ndinadzinyenga kuti mwina angokhala ndi aphwawo ambiri. Mayi wina wophika anandiseka, nati bambowo ndiyo ntchito yawo, amabwerekedwa ndi amuna amene safuna abale awo enieni adziwe.

A Luciouswo ndinawatsekereza kuseri kwa tenti. Thukuta lili kamukamu, anaulula kuti Clifford anangodziwana nawo pa bawo, ndipo Cliffordyo ali ndi mkazi ndi ana awiri ku Chinsapo.

Sindinafune za m'maluwa, ndinapita ndekha. Mkaziyo ndinamupeza akuyanika malaya abuluu a Clifford amene ndinasoka ine ndi manja angawa. Anandipatsa mpando ndi madzi akumwa. Tinalira tonse, Amayi, kenako tinayamba kuseka, chifukwa nayenso ankhoswe ake anali a jekete yotuwa omwewo.

Lolemba Clifford anabwera pamsika, akuti mayiyo ndi mlongo wake. Ndinamufunsa ngati mlongoyo ndi wobwerekanso. Anachoka osatsanzika, Hanifa akumuombera m'manja.

Tsopano mundikhululukire. Munanena kuti a malume a Josiah akaone kaye kwawo kwa mwamunayo asanavomere mbeta. Ine ndinakukanizani, ndinati za m'tauni sizitero. Mawu a akulu akoma akagonera, ndawalawa. Chonde a malumewo muwauze ndinu, ine manyazi andigwira.

Musandidandaule. Mtima unawawa masiku atatu, lero wapepuka. Ndikudya, ndikuimba kwaya, ndipo mkazi wa Clifford uja wandibweretsera nsalu ziwiri kuti ndimusokere.

Thadzilo lisiyeni lifungatire mazira. Akadzabwera wina wokhala ndi malume enieni, amene mudzi wawo tingaupondemo ndi mapazi athu, adzapeza khola lodzaza. Kachewere yekha uja ndiye watipita.

Mundiperekere moni kwa a malume, kwa mng'ono wanga Mayankho ndi onse a kumpingo. Mulungu akusungeni mpaka ndidzakuoneni pa Khirisimasi.

Ndine mwana wanu,
Jemima