Mbendera Yanu Inalipo, Bambo

Bambo, lero zakwana zaka khumi ndi zinayi chitulukireni m'nyumba ndi mbendera yofiira m'thumba la ovolosi, osabwereranso. Anthu amati nthawi imapoletsa bala. Kaya kwa ena, ife mtima udakawirabe.

Njanjiyi munakula nayo. Munayamba ndi kusenza matabwa ogonekapo zitsulo, nthawi imene inkangothera pamtsinje. Mlatho utamangidwa munali m'gulu loyamba kuwoloka, ndipo nkhani imeneyo munkaibwereza mpaka amayi kukuthawirani kukhitchini. Munaona injini za malasha zikupuma, za dizilo zikufika, kenako munakhala wolumikiza mabogi pasiteshoni. Tiyi munkamwera m'chivundikiro cha fulasiki makapu ali mbwee m'kabati, ndipo mukaseka agalu a kumalayini onse ankauwa. Langizo lanu linali limodzi lomwelo, ngakhale kwa ife amene sitinkadziwa n'komwe kulemera kwa bogi: munthu asalowe pakati pa mabogi asanapachike mbendera poti dalaivala aione.

Tsiku lija munaipachika. Amene anadzakunyamulani anaipeza ikupepeluka pomwepo. Koma Kaphulusa, dalaivala amene tinkamutcha malume, amene ankapisa m'mbale imodzi ndi inu, anabweza injini osacheuka, mabogi n'kukupanani. Mabwana atamufunsa, anati munali mutaledzera. Inu! Munthu woti fungo lokha la mowa linkakupweteketsani mutu! Anzanu anangozyolika, kuopa kuchotsedwa ntchito. Mpaka lero amayi akamadutsa pamsika, alipo amalozerana kuti ndi mkazi wa chidakwa chija chinadzipereka kwa sitima.

Njanji yanu anaikonzanso. Matabwa munasenza aja anazula, anaika a simenti, ndipo tsopano imafika mpaka kumigodi. Tsiku lotsegulira, Kaphulusa anakhala pampando wakutsogolo atavala suti, anthu akumuwombera m'manja. Chaka chino wagwa. Ali gone, miyendo yatupa, ndipo mkazi wake wakhala akudzagwada pakhonde pathu, akuti mwamuna wake sakufuna kupita amayi asanamukhululukire. Amayi ayankha chimodzi: amunyamule, kaya pamachira kaya pawilibala, akanene pasiteshoni pamaso pa anzanu kuti mbendera inalipo. Kaphulusa akuti zithere m'nyumba, dzina lake lingaipe. Ha! Nanga lanu linali la galu?

Abusa atiyendera ndi mavesi awo. Tawapatsa mpando, tawapatsa madzi akumwa, tawaperekeza bwinobwino mpaka pamsewu, koma yankho silinasinthe. Mlandu suola, bambo, ndipo sitikuchita nazo manyazi kunena kuti tikufuna Kaphulusa amve kuwawa.

Chitsirizira wanu uja munamusiya ali kupulayimale, lero ndi mayi wathunthu, dalaivala wa sitima ya katundu. Mwambo wa anthu a njanji mukuudziwa: mnzawo akamaikidwa, sitima yodutsa pafupi ndi manda imaliza hutala motalika kumutsanzika. Inu anakumanani, eti chidakwa sachilirira. Tsono mwana wanu wapempha kale anzake kuti tsiku la maliro a Kaphulusa adzamusiyire sitima yodutsa kumandako. Kaphulusa akapita asanalankhule, sitima idzafika pamandapo pang'onopang'ono, anthu adzadukiza nyimbo kudikira hutala, ndipo mwana wanu adzawayang'ana pawindo, mpaka bogi lomaliza kudutsa, hutala osaliza.

Tikukulirani ife mkazi wanu, ana anu, mlongo wanu amene sanakwerenso sitima chichokereni inu, ndi zidzukulu zimene zimangokudziwani pachithunzi.

Sitidzakuiwalani, bambo. Kaphulusanso sitidzamuiwala.