Ndi Manja Awiri

Lachinayi, Novembala 2018, Wigston

Lero kunazizira, koma shifiti inandikomera.

Bambo Graham, amene ndimawasamalira ku Oadby, tauni yoyandikana ndi kuno, chidwalireni sitiroko, anandipempha kuti ndiwatsitsire bokosi lawo la makhadi. Miyezi yonseyi ndakhala ndikulilambalala popukuta fumbi. Ndinkati ndi zamatsenga, poti pali zinjoka zamapiko ndi afiti onyamula ndodo. Chonsecho ndi masewera chabe amene ankasewera ndi anzawo m'ma 1990.

Ankafuna ndiike makhadiwo m'timatumba tapulasitiki chifukwa dzanja lawo limanjenjemera. Atandipatsira loyamba, ndinalandira ndi manja awiri, monga ndimalandirira chilichonse kwa wamkulu. Anandiyang'anitsitsa.

"Mwana wanga amangotola ndi zala ziwiri n'kufunsa mtengo," anatero. "Inu mwadziwa bwanji kagwiridwe kake?"

Sindinawauze kuti ngakhale supuni ndikanalandira chomwecho.

Koma makhadiwo ndi okongoladi. Zithunzi zake n'zojambula pamanja, m'mbali munaperepeseka, ndipo amanunkhira ngati buku lakale la nyimbo kutchalitchi kwathu. Pa khadi lililonse, Bambo Graham amakumbukira mnzawo amene anasinthana naye. Anatchula mayina ambiri, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamuonapo pakhomo paja.

Akuti mawa andiphunzitsa kusewera, ndipo ndavomera. Kaya ndikawauza chiyani amayi a gulu lathu la mapemphero...