Ndinawaimbira belu amuna anga pagulu

Aphungu,

Ndithandizeni, m'nyumba mwanga mwazizira chifukwa cha kabelu ka m'manja.

Amuna anga amakonza mafoni. Mwezi uliwonse amapita ku msonkhano wa okonda za makompyuta, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya utoto, kumene aliyense amalankhula mphindi zisanu. Ndinawatsatira tsiku lina, ndisaname, pofuna kuona ngati "msonkhanowo" suvala siketi. Ndinapeza zoposa pamenepo. Anthu onse m'chipindamo anali olankhula, womvetsera kunalibe. Wina akamalankhula kutsogolo, enawo mitu ili m'malaputopu, kukonza zawo. Mmodzi anatisonyeza babu loyatsa ndi foni, koma silinayake mpaka mnzake anakadina pakhoma.

Pakamwa panga sipasunga. Ndinawauza onsewo kuti uwu si msonkhano, ndi mzere wa kuchipatala, aliyense akungodikira dzina lake. Mkulu wawo, amene amamutcha Chingwe, anaseka n'kundipatsa belu, akuti poti ndine ndekha womvetsera, ndizisunga nthawi. Ntchitoyo inandikoma, Aphungu. Mwamuna wa ndevu zake kumudula pakati pa mawu, iye n'kukhala pansi mwaulemu!

Mwezi watha inali nthawi ya bambo a kunyumba. Anakonzekera masabata ambiri, kumangondivutitsa ndi mafunso a nthawi imene mayi anga amamwera mankhwala awo a shuga, ngati iwo ndi adokotala. Ataimirira, chingwe cha pulojekita chinakana kulowa. Chitalowa, anayamba kupereka moni, kuthokoza Chingwe, kuthokoza mwini sitolo. Chithunzi choyamba chitangotuluka, ka botolo ka mapiritsi, nthawi inatha. Ndinaimba. Anandiyang'ana, ine ndinaimbanso. Anthu anaomba m'manja kuposa tsiku lililonse, ndipo sankaombera iwo.

Chichokereni kumeneko, ndikawafunsa kanthu amangoti, "Nthawi yanga inatha, mayi." Akugona choyang'ana kukhoma. Dzulo anena kuti ndisankhe, belu kapena iwo. Zikundiwawa, chifukwa ndimawakonda, koma lamulo si ndinaika ine. Ndinalakwa pati?

Mayi R. G.

Mayi R. G.,

Za msonkhanowo simunaname. Ndinapitako ku wina wotere, ndinatulukako ndikudziwa mayina a malaputopu a anthu onse koma osadziwa chimene apanga. Anthuwa ndi anzeru, koma amaganiza kuti mphindi zisanu zimayamba iwo akamaliza kukonza kukhosi. Belu amafunikadi, ndipo ena amafunika awiri.

Koma inu mwadzitcha womvetsera yekhayo, pamene tsiku limenelo munkamvetsera wotchi. Kuimba koyamba linali lamulo. Kwachiwiri kuja kunali kukoma kwa ntchito, musandinamize.

Werenganinso kalata yanuyi. Munthu wokonza mafoni wakhala masabata akufunsa nthawi imene apongozi ake amamwera mankhwala, kenako chithunzi chake choyamba ndi botolo la mapiritsi. Ine sindidziwa za makompyuta, foni yanga amanditsegulira ndi adzukulu, koma apa sipafunika sukulu. Ndikuganiza kuti bambowo amapanga kanthu kokumbutsa mayi anu kumwa mankhwala, ndipo amafuna mukaonere pagulu kuti munyadire. Mwandiuza za babu la munthu wachilendo, koma chimene amuna anu anapanga simukuchidziwa mpaka lero.

Chitani izi. Belulo kabwezeni kwa Chingwe, mumuuze kuti zingwe aziyesa anthu asanafike, nthawi aziyamba kuwerenga chithunzi chikatuluka, ndipo malaputopu a odikira azikhala otseka. Mumuuzenso kuti belu azisinthana okhaokha, aliyense alaweko kudula ndi kudulidwa. Mukatero pemphani kuti amuna anu apatsidwenso mpata mwezi wamawa.

Kunyumba musayambe ndi "pepani koma lamulo." Ikani mpando pabalaza, vulani wotchi iwo akuona, munene kuti mwabwera kudzamva za botolo lija. Adzanyinyirika kaye, amuna amatero, koma munthu amene wapanga kanthu sangapirire osakaonetsa. Akamaliza, athandizeni kudula moni ndi zothokoza zija, poti luso lodula muli nalo kale.

Chenjezo langa ndi ili: idyani kaye musanakhale pampandopo, chifukwa wopanda belu ameneyo afika maola awiri. Ndipo akayatsa kanthuko n'kukana kugwira ntchito, monga zimachitira zinthu zawozi, musaseke, musayang'ane kukhoma kuli wotchi. Muwafunse kuti mayi anu adzayamba liti kukagwiritsa ntchito.

Aphungu