Mabowo pa Bokosi Langa

14 Julaye

Wokondedwa mwana wanga wachisamba,

Wandichititsa manyazi. Unaimbira foni mayi wogulitsa makompyuta uja n'kumuuza kuti, "Bambo anga akabwera musawamvere, sadziwa kanthu." Wandiuza yekha, akuseka mpaka kugwira tebulo. Ine amene ndinakuphunzitsa sukulu ndi sowo ndi hamala, lero sindidziwa kanthu? Chabwino.

Kalata ino ndalemba ndekha, ndiye zilembo zikapendama usadabwe. Sukulu sindinaipondeko, zochepa zimene ndikudziwazi anandiphunzitsa ndi amayi ako, ndipo chiwagwirire sitiroko dzanja lawo lamanja siligwira cholembera.

Magalasi aakulu unatumiza aja anafika bwino. Adokotala a mafizo, olimbitsa ziwalo aja, atawaona anati ndi omwewo: munthu akavala amaona ngati ali kwina, ndipo masewera ake amamukwezetsa mkono iye osazindikira. Amayi ako ukuwadziwa. Mafizo a kuchipatala anawakana, akuti iwo si mwana woti aziwerengeredwa wani, thuu. Adokotala anandikokera pakhonde n'kundiuza kuti mkonowo ukapitiriza kugona chonchi uuma, sudzadzukanso. Zimenezo amayi ako sindinawauze.

Ndiye ndinapita kukasankha zida za kompyuta yoyendetsa magalasiwo. Mayi uja anandiyalira makhadi a zithunzi atatu. Akuti khadilo ndi limene limajambula zonse zooneka m'magalasimo, ndipo likakhala lofooka zithunzi zimadukizadukiza, munthu n'kuchita chizungulire mpaka kusanza. Anayamba kunditchulira manambala. Ine ndinati, "Mayi, manambalawo sungani, patseni ndinyamule." Ndinanyamula lililonse monga ndinyamulira thabwa, n'kusankha lolemera koposa, la mafani atatu. Iye anati limenelo ndi ladyera pa magetsi, ndigulenso chogawa magetsi chachikulu. Ndinavomera. Ng'ombe yaikulu siidyera m'mbale ya nkhuku.

Pa bokosi ndi pamene tinasemphana. Anandionetsa la malata, thupi lonse mabowo ngati sefa. Ndinati m'nyumba ya kalipentala simulowa chinthu chotero. Ndinayeza zida zonse ndi tepi, ndinatsitsa thabwa lija ndinkasungira kabati ya amayi ako, ndinapala, ndinalumikiza popanda msomali ndi umodzi womwe. Ngakhale nyerere sikanapeza polowera, poti fumbi ndi mdani wa makina. Mayi uja atabwera kudzamanga zidazo anagwira pakamwa.

"Agogo, nanga izipumira pati?"

Ndinamuyankha kuti wailesi yanga yakhala m'bokosi chikwatirire ine, ndipo sinandipemphepo mpweya.

Poyamba amayi ako anakana kuvala. Akuti, "Bambo ake, mwandiyesa wowotcherera zitsulo?" Koma anavala ndithu. Kenako ndinamva, "Muli mitengo muno! Zipatso zake zili pafupi pomwepa." Mwana wanga, ndinaona dzanja lija likunjenjemera pamwendo, likunyamuka pang'onopang'ono, mpaka kufika pachifuwa. Ndinaima kumbuyo kwa mpando osapuma n'komwe.

Pomwepo makina anathima.

Anavula magalasi ndi dzanja lamanzere n'kunena kuti, "Ndinatsala pang'ono kuthyola." Anatembenukira kukhoma. Tsiku limenelo sanadye.

Nditagwira bokosi, linali lotentha ngati nsimbi, nyumba yonse fungo la vanishi. Sindikunena kuti ndinachita mantha, ayi. Kungoti ndinalinyamula paphewa nthawi yomweyo, ndipo ndinazindikira nditafika kale pashopu kuti ndavala patapata wa amayi ako.

Mayi uja anatsegula, ananunkhiza khadi, analiika mu kompyuta yake. Mafani anazungulira, zithunzi zinabwera. Akuti, "Silinapse, agogo. Likatentha limadzithimitsa lokha. Lili ndi nzeru kuposa..." Sanamalize, anandiyang'ana n'kutsokomola. Ine ndinakhala pa katoni.

Anayesanso kundigulitsa la malata lija. Ndinakana. Ndinabwerera kunyumba n'kuboola bokosi langa ndekha, kutsogolo, kumbuyo ndi pamwamba, ndinaikamo kansalu kotchinga fumbi ndi mafani ena awiri. Bowo lililonse linkandiwawa ngati akundizula dzino, koma ndinawayala mokongola, ukawaona udzayesa ndi maluwa. Ukadzafunsidwa, uzinena kuti bambo anga anakonza choncho kuchokera pachiyambi.

Tsopano makina akuyenda tsiku lonse, ukagwira ali zizirizizi. Amayi ako amadzuka n'kufunsa magalasi tiyi asanamwe. Dzulo ndinaima pafupi kwambiri iwo akuthyola zipatso zawozo, ndiye anandiwaza khofi patsaya, ndi dzanja lamanja lomwe lija. Chibadwire sindinasangalalepo ndi khofi ngati limenelo. Adokotala atawaona akukweza mkono kufika pamutu anangogwedeza mutu n'kumwetulira. Tulo ndayamba kutipeza.

Kamzere kokhota kamene uone pansi pa dzina langa alemba ndi iwo. Akuti ndi dzina lawo, ndipo usaseke. Akupereka moni kwa apongozi athu ndi adzukulu onse.

Mayi uja akuti popeza nawenso uli ndi magalasi, mungathe kukumana m'munda womwewo, iwe uli kumeneko iwo ali kuno. Amayi ako atamva zimenezo ayamba kusiya mtengo umodzi osathyola. Ndikawafunsa akuti, "Uwo ndi wa chisamba."

Ndiye tamvera, iwe chisamba. Loweruka likubwerali uvale magalasi ako, ulowe m'mundamo, ukathyole mtengo wako amayi ako akuona. Za ntchito usandiuze. Ukatuluka, uimbirenso mayi uja, umuuze ndi pakamwa pako pomwepo kuti bambo ako amadziwa kanthu.

Ndine bambo ako,
Kalipentala