Chitsamba Chosabereka Chija

3 Okutobala
Bambo a ana ayambanso kuthirira chitsamba chawo cha nthudza. Zaka zisanu ndi ziwiri, osabereka ndi imodzi yomwe. Minga ndi timaluwa basi. Changa chili pambali pake, chaka chilichonse nthambi mpaka pansi, mabotolo a jamu kudzaza kabati. Zonse anazula kuthengo tsiku limodzi, koma chawochi chinatengera mwini wake. Kudya ndi kukhala.

9 Okutobala
Chandibaya chala poyanika zovala. Ndati chidulidwe. Iwo, maso pa nyuzipepala: "Chisiyeni, mayi, chili ndi ntchito yake." Ntchito! Munthu woti chipumireni pantchito sanakonze ndi mpopi wodontha womwe.

14 Okutobala
Apita kukaona mchemwali wawo. Ndabwereka chikwanje kwa aneba. Mphindi khumi, chatha. Mtima mbee.

16 Okutobala
Abwera. Aima pachitsa nthawi yaitali, chipewa m'manja ngati pamaliro. Kenako chikwama paphewa, ulendo kwa mchemwali wawo konkuja. Azipita! Munthu wa imvi kunyanyala chifukwa cha minga.

20 Novembala
Changa chachita maluwa, chokhachokha, popanda wochipanikiza. Iwo zii, ngakhale foni. Ndikuphikabe za anthu awiri. Dzanja linangozolowera, si kuti ndawasowa.

11 Disembala
Maluwa onse ayoyoka. Ndafufuza nthambi ndi nthambi, palibe ndi kanthudza komwe. Aphunzitsi a nyumba yachitatu, aja odziwa zonse, asuzumira pampanda. "Chachimuna chija chili kuti, mayi? Popanda icho, chanuchi sichingabereke." Ndawayankha kuti ndikudziwa.
Sindimadziwa. Zaka zonsezi ndimati ndi dzanja langa. Bambo a ana akanangonena bwinobwino! Koma ananena. Ine ndinaseka. Manyazi andigwira mpaka kukanika kudya.

13 Disembala
Chitsa chaphuka. Timasamba tiwiri tofiirira. Ndathirira m'mamawa anthu asanadzuke, ndatchinga ndi njerwa kuopa nkhuku.

15 Disembala
Ndawaimbira foni. Ndati mpopi ukudonthabe. Iwo: "Mpopi wokha?" Ndati mpopi wokha. Kenako iwo: "Muzichithirira madzulo, mayi. M'mawa madzi amathera dzuwa."
Wawauza ndani za chitsa? Aphunzitsi aja, pakamwa ngati mpopi womwewu!
Sananene kuti abwera liti. Inenso sindinafunse.
Ndathirira madzulo.