Chidole changa chavala nsalu ya mayi landilodi

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 24, ndimasoka zovala pakhonde la nyumba ya lendi. Nyumba zake ndi zamdadada: zitseko zisanu, mpopi umodzi, chingwe choyanikapo zovala chimodzinso. Chingwecho ndiye chinandidanitsa ndi a khomo loyandikana ndi langa, Amake Mapasa. Tsiku lina anakankhira kumapeto mayunifolomu a makasitomala anga kuti ayanike matewera, awiri n'kugwera m'matope. Nditafunsa anati, "Iii asisi, chingwechi munabadwa nacho?" Ndinawayankha zomwe sindingalembe m'nyuzi. Papita miyezi isanu ndi iwiri osapatsana moni, ndipo ine sizindiwawa.

Chomwe chinatsatira ndi nkhondo ya tizidole. Anayamba ndi iwo. Ndinapeza khoswe wa sokosi yakale m'ndowa yanga, ndevu zake za ulusi wa thumba, ndinakuwa mpaka agalu kuuwa. Ine ndinabweza ndi njoka ya chubu cha njinga, maso a mabatani, kuseri kwa tsache lawo. Patangopita masiku atatu, chule wa siponji ali phee m'nsapato yanga.

Apa ndinati aone kuti telala ndani. Ndinasoka chidole chofanana nawo: manja m'chiuno, kukamwa kuli yasa, mpata pakati pa mano akutsogolo, kumbuyoku thonje losaumira. Ndinachipanika pachingwe ndi mapegi awiri. Amake Mapasa atachiona anaseka mpaka kukhala pansi, ndinkawamva ndili m'nyumba.

Vuto ndi diresi lomwe ndinachiveka. Ife atelala timakhala ndi thumba loponyamo tizidutswa totsala, ndiye ndinangopisamo dzanja osaganiza. Kansalu komwe ndinatola kanatsala pa diresi la mayi landilodi, lomwe ndinawasokera pa ukwati wa mwana wawo. Nawonso ndi a thupi. Masana omwewo anabwera kudzaona mpopi wodontha, ndipo anaima pachingwepo nthawi yaitali. Kenaka anati, "Mwanawe, ndimakubweretsera ntchito ngati mwana wanga, kumeneku ndiye kuthokoza kwake? Mwezi ukatha undipatse makiyi."

Ndayesa kufotokoza kawiri, sakumva. Amene angawatsimikizire zoona ndi Amake Mapasa okha. Koma Aphungu, ine ndikagogode pakhomo la munthu amene mpaka lero sanapepesepo za mayunifolomu aja? Komanso makasitomala anga onse amandidziwira pakhonde pano. Nditani?

Ine wothedwa nzeru,
L.C.

Wokondedwa L.C.,

Ndaseka, kenaka ndakumvera chisoni, chifukwa khondelo ndiye munda wako. Koma tamvera. Munthu wodana nawe sataya nthawi kusokerera ndevu pa sokosi, ali ndi mapasa oti awasambitse. Khoswe uja kunali kupepesa kwa munthu wouma pakamwa ngati iwe yemwe. Awirinu mwakhala mukucheza miyezi yonseyi, moni yekha ndiye wasowa.

Choncho gogoda lero, usadikire kuti mwezi uthe. Za mayunifolomu usaziyambe. Ungoti, "Amake Mapasa, ndili m'madzi, ndithandizeni." Mupite limodzi kwa mayi landilodi, chidolecho chili m'manja, akaone okha kuti manowo si awo. Ngati khoswe ndi chule ukadali nazo, tenganso. Zidzakuyankhulira bwino kuposa pakamwa pakopo.

Ukafika usakachulutse kudziteteza, chifukwa cholakwa chako chenicheni chilipo. Nsalu ya kasitomala ndi yake mpaka kachidutswa komaliza, ndipo imeneyo anavala pa tsiku lalikulu la mwana wawo. Kuiona ikulendewera pachingwe anthu akuseka, aliyense zikanamuwawa. Pepesa pa chimenecho, uchivule chidolecho pamaso pawo, uwabwezere zidutswa zawo zonse.

Ndikuchenjeze: mayiwo akhoza kukanabe, nyumba ndi yawo. Amake Mapasa nawonso akhoza kukuimitsa pakhomo kuti akuseke kaye asanavale nsapato. Uwalole aseke mpaka akhute, iwe ugwire lilime lakolo. Ukangowayankha mwa masiku onse, yamba kufunafuna makatoni olongedzamo makina ako.

Aphungu