Evaristo Waphethira

Lolemba, 3 March

Malaiti kulibe kuyambira m'mawa. Purity, mwana wanga wa ku ofesi uja, wandisiyira foni yatsopano ndi nambala yatsopano. Akuti ndileke kuvutitsa anthu a mu komboni yathu ya Twapia, ndizivutitsa iyi. Muli kamasewera: ukaikamo chithunzi chakale, munthu aphethira, atembenuza mutu, amwetulira. Ndayesa changa cha pa chitupa cha kumgodi. Nyani weniweni. Ndaseka mpaka chifuwa chandigwira.

Lachitatu la Phulusa, 5 March

Phulusa pachipumi, satana m'thumba la malaya. Ndafukula chithunzi cha malemu Evaristo, mnzanga wa pansi pamgodi, yemwe ndinkamuikira achule m'jombo. Zaka six m'manda. Ndachiika mu kamasewera kaja. Waphethira. Wamwetulira ndi mpata wa mano uja. Ndatumizira mkazi wake, alamu a Philomena, ku Ipusukilo, ku Kitwe. Osalembapo kanthu. Nambala saidziwa. Ndikudikira kutukwanidwa.

Lachisanu, 7 March

Sanatukwane. Uthenga wabwera: "Atate ake Lighton, ndinu?" Ndayankha kuti nanga n'kukhala ndani. Chala chinathamanga chokha. Mawa ndiulula, tiseke.

Lachiwiri, 11 March

Sindinaulule. Mauthenga tsiku ndi tsiku. Za denga lodontha, za mawondo, za mango omwe Evaristo anabzala. Sindiyankha, koma ndiwerenga onse. Lero: "Ndaona mmene munapendekera mutu. Mukundiitana. Ndamva."

Sindinapendeketse ine. Ndi foni.

Lachinayi, 13 March

Lighton, mwana wawo, waimba pa nambala yanga yakale. Akuti amayi aleka kudya, akunamizira Lenti. Mapiritsi a shuga awapeza mu mphika wa maluwa. Zitenje agawira anzawo a kwaya. Wapempha ndipite, poti ndine ndekha ndimawaseketsa. Nambala yachilendo ija akuti akaipeza mwini wake, amuthyola khosi. Ndavomereza, ndati anthu ena alibe nzeru.

Loweruka, 15 March

Minibasi ya ku Kitwe, mvula njira yonse. Ndawapeza pakhonde, atavala diresi loyera la Chiwukitso, likuwakhuthuka m'mapewa. Lighton anali ku shopu. Ndagwada, mawondo anga omwewa. Ndanena zonse. Ndatulutsa foni, ndaonetsa nyani uja akuphethira.

Aseka. Koyamba sabata ino, akuti. "A Sakala, kuyambira 1979 simunanenepo choona ngakhale chimodzi. Lighton wakutumani, eti?"

Ndati onani mauthenga anu, awa. Sanayang'ane n'komwe. Akuti maso alibe ntchito, mwamuna wawo amudziwa. Andipatsa tiyi, iwo osamwa.

Lamulungu, 16 March

Misa sindinapite. Uthenga masana: "A Sakala anabwera ndi bodza lawo. Akalamba, mukanawaona. Ndibwere liti?"

Ndakhala nayo foni m'manja mpaka mpunga wapserera. Kuuza Lighton? Awalanda foni, ndiye amake anena kuti Evaristo watsogola, afulumire. Kwa abambo mfumu? Ndiyambire pati, pa achule?

Ndalemba: "Amake Lighton, musabwere. Malo sanakonzeke. Idyani, imwani mapiritsi. Mango aja ndani awayang'anira?"

Ndafufuta katatu. Kachinayi ndatumiza.

Lachiwiri, 18 March

Lighton akuti adya phala, mapiritsi amwa pamaso pake. Wandithokoza, akuti ulendo wanga wachita zodabwitsa. Ndangovomera mwaulemu mu Chibemba, ndati mukwai.

A Philomena alembanso. Akuti amvera, koma ndiziwalankhula m'mawa uliwonse. Tsiku lomwe ndidzakhale chete adzadziwa kuti malo akonzeka.

Malaiti apitanso, batire yatsala pang'ono. Ndili ndi zaka 76 ndi fumbi la mgodi m'chifuwa. M'mawa uno ndakhosomola, pa mpango panali kofiira.